Damu la Mpatamanga likusamutsa amayi, ine ndili ku Joni

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Amayi andiimbira kuti kwathu ku Neno, m'mbali mwa Shire, kwabwera anthu olemba nyumba ndi minda chifukwa cha damu la magetsi la Mpatamanga. Nyumba ya malata imene akukhalamo ndinamanga ine ndi thukuta la kuno. Mtima suli m'malo. Nditani?

YANKHO: Achimwene, pepani, nkhawa yanu ndaimva. Choyamba, kalemberayo asadutse amayi ali okha. Ngati abwana sakupatsani tchuthi, tumani malume anu kapena mlongo wanu wodziwa kuwerenga, akayende nawo olembawo mpaka kumalire a munda. Mtengo wa mango uliwonse, nkhokwe, khola, chimbudzi, zonse zilowe papepala. Pepalalo alijambule akutumizireni pa WhatsApp amayi asanadinde chala.

Magetsiwo tikuwafuna, sindikana. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo abale athu anagona mumdima miyezi yambiri. Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, akuyembekezeka kupereka oposa 350. Koma wosamuka asakhale wolipira yekha.

World Bank inaikapo ndalama, ndiye malamulo ake akugwira ntchito. Chipukuta misozi chiyenera kukwanira kumanga nyumba ina yofanana nayo pa mitengo ya lero, osachotsera kuti yakhalitsa. Kusowa chikalata cha malo sikuchotsa munthu pamndandanda, choncho amfumu akhalepo kuchitira umboni. Payeneranso kukhala pokadandaula. Chenjerani ndi ichi: pamakhala tsiku lotsekera kalembera, ndipo chomangidwa pambuyo pake sichilipidwa. Musatumize marandi owonjezera chipinda musanafunse tsikulo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi dimba. Nyumba imamangidwanso, koma nthaka yachinyontho ya m'mbali mwa mtsinje, yopatsa mondokwa ndi masamba m'chilimwe, simuipeza pamtunda. A Tonga a ku Zambia ndi Zimbabwe pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba cha m'ma 1950 anawasiya pouma, ndipo zidzukulu zawo zikadali kulira. Ngakhale madzi tikumwa muno mu Johannesburg, ena amachokera ku damu la Katse ku Lesotho, komwe minda ya anthu inamira. Ndimakumbukira zimenezi ndikatsegula mpopi.

Choncho amayi akapatsidwa mwayi wosankha, ine ndingati atenge malo m'malo mwa malo, osati ndalama zokha. Ndalama ikafika pamudzi achibale amachuluka, pofika dzinja yatha. Akaone okha malo atsopanowo: mjigo uli pati, chigayo, chipatala, sukulu ya adzukulu.

Musaiwale manda. Ngati bambo kapena agogo anu anagona kumene madzi adzafike, mbumba ikhale pansi msanga, igwirizane za kasamutsidwe kake, ndipo mwini mbumba akanene zimenezo kwa amfumu ndi ku ofesi ya DC. Aimbireni malume usiku uno, ndipo mayunitsi akhale anu.