Kirediti yachinayi ili ndi mphindi zake 750

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akuphunzitsa statistics (phunziro la ziwerengero) pa yunivesite ina ya boma ku Florida, ku America, kumene kulemera kwa kosi amakuyeza ndi makirediti. Alemba kuti: "Ku dipatimenti kwathu akufuna kosi yanga ya makirediti 3 ikhale ya makirediti 4. Akuti tikatero ndiziphunzitsa makosi atatu m'malo mwa anayi, maola amene boma limafuna n'kukwanabe. Nthawi ya m'kalasi akuti ikhale yomweyo, ndingowonjezera zowerenga. Kodi ndivomere?"

Achemwali, vomerani ngati akupatsaninso nthawi ya m'kalasi. Ngati akungosintha nambala, kanani.

Tiyambe ndi lamulo la Florida limene, gawo 1012.945. Limanena kuti mphunzitsi wa pa yunivesite ya boma amene malipiro ake onse amachokera ku ndalama za boma aziphunzitsa maola osachepera 12 pa sabata m'kalasi. Chimene lamuloli limawerenga ndi maola amene inu mwaima pamaso pa ophunzira. Makosi anayi a maola atatu ndi 12. Makosi atatu a maola anayi ndi 12. Koma makosi atatu amene alembedwa "4" m'buku la makosi pomwe mukukumana maola atatu okha pa sabata, amenewo ndi maola 9. Atatu otsalawo adzawapeza kuti? Lamulo lomwelo limalola kuti maola achepe ngati mkulu wa dipatimenti wakupatsani ntchito ina, monga kafukufuku. Ngati cholinga chawo n'choti akupepuzeni katundu, khomo lake ndi limenelo, ndipo n'lotsegula.

Palinso boma lalikulu la dziko lonse la America, la ku Washington. Kuyambira Julayi 2011, malamulo a thandizo la ndalama za ophunzira amatanthauzira kirediti imodzi kuti ndi pafupifupi ola limodzi lophunzitsidwa ndi maola awiri a ntchito yapayekha, sabata iliyonse kwa masabata ngati 15. Ola la m'kalasi nthawi zambiri limakhala mphindi 50, ndiye kirediti imodzi ndi mphindi 750 pa semesita. Kosi yanu panopa ili ndi mphindi 2,250. Ikafika pa makirediti 4 iyenera kukhala ndi 3,000, ndipo wophunzira awonjezerenso maola 30 a ntchito yake. Zoona, tanthauzoli limalolanso ntchito ina yofanana nayo kulemera, monga ya mu labu kapena yophunzira pogwira ntchito. Koma mitu iwiri yowonjezera mu silabasi singaimire zonsezi, ndipo oyendera mayunivesite akabwera amafunsa kuti ola lachinayi likuonekera pati.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi ndi wophunzira, chifukwa pamsonkhano wa dipatimenti iye sakhalapo. Ku mayunivesite a boma a Florida fizi amalipira pa kirediti iliyonse. Kosi ikachoka pa 3 kufika pa 4, mtengo wake wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwana amene amagwira ntchito usiku kuti alipire yekha, kapena wochokera kunja amene amalipira mtengo wokwera kale, akupereka ndalama zenizeni. Kumupatsa nambala yokha kuli ngati kugulitsa thumba la chimanga lolembedwa makilogalamu 50 mkati muli 40.

Sizithera pa fizi pokha. Ku Florida digiri yoyamba sipitirira makirediti 120 pokhapokha Board of Governors, bungwe loyang'anira mayunivesite a boma kumeneko, itavomereza. Makirediti 120 ndi makosi 40 a makirediti atatu, kapena makosi 30 a makirediti anayi. Kirediti iliyonse imene kosi yanu yatenga yalandidwa kwinakwake, ndipo kawirikawiri imachoka pa makosi amene wophunzira amasankha yekha. Komanso boma la Florida limalipiritsa kawiri makirediti opitirira malire. Kwa amene anayamba sukulu posachedwapa malirewo ndi 120 peresenti ya zofunika pa digiri, kutanthauza 144 pa digiri ya 120. Wosintha maphunziro pakati pa ulendo amafika msanga pamenepo makosi akamanenepa chonchi.

Musamve ngati ndikudana ndi makosi a makirediti 4. Statistics ndi phunziro limene limapindula kwambiri ndi ola lowonjezera. Ophunzira ambiri amamva bwino pa bolodi, koma mukawapatsa deta yeniyeni pa kompyuta manja amauma. Ola limodzi pa sabata mu labu, inu muli pomwepo, iwo akuyesa mapulogalamu a pa kompyuta monga R kapena Excel n'kulakwitsa mukuwaona, lingasinthe kosi yonse. Pamenepo kirediti yachinayi ndi yoyenera, ndipo makosi atatu oterewa akhoza kukuthandizanidi, poti mayeso okonza ndi mapepala ochonga achepa.

Tsono musanasaine pepala lililonse lopita ku komiti ya maphunziro, pemphani kuti akulembereni zinthu izi pa imelo: ola lachinayi lidzakhala tsiku liti ndiponso m'chipinda chiti, adzaphunzitsa ndi inu kapena wothandizira, komanso pa fomu yanu ya ntchito lidzawerengedwa ngati ola lathunthu kapena ayi. Funso lomalizali musalisiye, chifukwa malo ena amawerenga ola la labu mochepera ola la lekichala. Ngati muli m'bungwe la aphunzitsi la United Faculty of Florida, tengani mgwirizano wa pa sukulu yanu muwerenge gawo la kagawidwe ka ntchito musanapite kumsonkhanowo.