Chimbale cha R.E.M. chimene chinabadwira pa ulendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti amaimba gitala ndipo ayamba kupeka nyimbo zawozawo. Gulu la R.E.M. analidziwira pa nyimbo ziwiri zotchuka zija, "Losing My Religion" ndi "Everybody Hurts". Ataona kuti ndinatchulapo New Adventures in Hi-Fi ngati chimbale chimene ndimachikonda kuposa zonse za gululi, anachifufuza n'kuchimvetsera. Funso lawo linali ili: "Chimbalechi n'chachitali, n'chaphokoso, ndipo sindinapezemo nyimbo yoti n'kuigwira msanga. Inuyo mumamvamo chiyani? Nanga munthu wophunzira kupeka angatolemo chiyani?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Zimene mwamvazo anthu ambiri anamva zomwezo chimbalechi chitangotuluka mu September 1996, ndiye musadzione ngati makutu anu alakwa. Koma ndikupempheni mundilole ndiyambe ndi mmene chinajambulidwira, chifukwa phokoso mukudandaula nalolo lili ndi kumene linachokera.

Anyamata anayiwa, Michael Stipe woimba, Peter Buck wa gitala, Mike Mills wa besi ndi Bill Berry wa ng'oma, anayamba kuimbira limodzi mu 1980 m'tauni ya Athens ku Georgia, m'dziko la America. Zimbale zawo ziwiri zimene zinagulidwa kwambiri, Out of Time cha 1991 ndi Automatic for the People cha 1992, sanayende nazo kukaimba m'mizinda. Anadzanyamuka mu 1995, atatulutsa chimbale cha Monster, ndipo ulendowo unawazunza. Pa 1 March, ali pa siteji ku Lausanne m'dziko la Switzerland, Berry anagwa chifukwa mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu, n'kuthamangira naye ku opaleshoni. Anachira n'kubwerera pa ng'oma zake. Chaka chomwecho Mills naye anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, kenako Stipe. Pa anthu anayi, atatu anagona pa bedi la chipatala ulendo umodzi womwewo.

Ndi mkati mwa ulendo umenewu mmene nyimbo zambiri za chimbalechi zinapekedwa ndi kujambulidwa. Anayenda ndi makina ojambulira, ndipo masana poyesa zida, holo ili pululu anthu asanalowe, ankaimba nyimbo zatsopano makina akujambula. Zina anazijambula anthu ali momwemo, monga "Undertow" ku Boston ndi "The Wake-Up Bomb" ku Charleston. Kanyimbo kopanda mawu kotchedwa "Zither" anakajambulira m'chipinda chosinthira zovala ku Philadelphia. Zinayi zokha pa nyimbo 14 ndi zimene anazijambulira mu situdiyo, ku Bad Animals mumzinda wa Seattle. Choncho mukamva gitala ikulira ngati ikugunda makoma akutali, dziwani kuti ikugundadi makoma a holo yaikulu yopanda anthu. Ngakhale chithunzi cha pachikuto, chipululu chakuda ndi choyera chija, anachijambula Stipe ali pa ulendo.

Ndicho chifukwa chake ndimati chimbalechi ndi cha anthu otopa amene ali kutali ndi kwawo. Onani mitu ya nyimbozo: ina ndi yonena za kuchoka, ina za kunyamuka, ina za chipululu, ina za madzi okokera munthu pansi. Mukachimvetsera mukutsuka mbale kapena mukucheza ndi anzanu chimangokhala phokoso. Ine chinandilowa usiku wina ndili m'basi, mahedifoni kukhutu, anthu onse atagona, panja pakuoneka tinyali ta apo ndi apo basi. Itafika nyimbo yachisanu ndi chimodzi ndinadzidzimuka n'kuchotsa hedifoni imodzi, poganiza kuti kumbuyo kwathu kukubwera ambulansi.

Nyimboyo ndi "Leave", ndipo ndiyo ndikufuna ndiyambe kufotokoza. Imatenga mphindi zoposa 7. Imayamba ndi gitala yofatsa, ngati munthu akudziimbira yekha pakhonde, kwa pafupifupi mphindi imodzi. Kenako mwadzidzidzi pamabwera kulira konga sairini, ndipo sikusiya mpaka nyimbo itatha. Kulirako ankakutulutsa Scott McCaughey, mmodzi wa oimba owathandiza pa ulendowo, pa kiyibodi yakale ya ARP Odyssey, akukankha kabatani uku ndi uku ndi dzanja nthawi yonseyo. Wojambula wina aliyense akanati phokosolo lichepetsedwe kapena lizibwera pa kolasi pokha. Iwo analisiya. Ndiye tamverani zimene Stipe akuchita pamwamba pakepo: sakupikisana nalo, akuimba mawu aataliatali, okoka, okwera pang'onopang'ono, za munthu wolemedwa amene akufuna kusiya zonse m'mbuyo. Sairini ija ndiyo nkhawa ya munthuyo. Mawu a nyimbo safunikanso kunena kuti "ndili ndi mantha" chifukwa chida chanena kale. Pa nkhani ya kupeka, apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri: chimene chida chanena, pakamwa pasabwereze.

Kapekedwe ka gululi kanali kakuti Buck, Mills ndi Berry ankayamba apanga zoimbaimba, Stipe n'kubwera pambuyo kudzaikapo mawu ndi kaimbidwe kake, ndipo nyimbo iliyonse ankailemba kuti ndi ya onse anayi. Izi zimamveka bwino mu "E-Bow the Letter". Dzinalo likuchokera ku kachipangizo kogwira m'manja kamene ukakayandikiza pa waya wa gitala, wayayo amangolira osaleka popanda kumukhwatcha, ngati kaligo. Pamwamba pa kulira kumeneko Stipe saimba kwenikweni, amalankhula, mawu ambirimbiri othithikana ngati kalata yolembedwa pakati pa usiku ndi munthu amene tulo tamuthawa, za kutchuka ndi mmene kumadyera munthu. Ndiye pa kolasi pamalowa mawu a Patti Smith, otsika, ochepa, obwerezabwereza. Stipe anamva chimbale cha mayi ameneyu, Horses, ali mnyamata wa zaka 15, ndipo wakhala akunena kuti ndicho chinamupangitsa kufuna kuimba. Vesi ndi yodzaza mpaka kusefukira, kolasi ndi ya mawu owerengeka. Inu amene mukupeka, yesani zimenezi: musalole vesi ndi kolasi kulemera mofanana.

Nyimbo imeneyi ndiyo anaitsogoza pa wailesi, ndipo ndi mbali ina ya yankho la chifukwa chake chimbalechi sichinalandiridwe ngati zinzake. Ku Britain inafika pa nambala 4, koma ku America inathera pa 49. Nthawi yomweyo n'kuti nyuzipepala zikulemba kuti gululi lasainirana ndi kampani ya nyimbo ya Warner Bros. mgwirizano wa madola pafupifupi 80 miliyoni, ndiye anthu ankayembekezera nyimbo yoti aliyense aziimba m'bafa, m'malomwake analandira kalata yolankhulidwa. Chimbale chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi pa 2 ku America, koma kwawoko sichinagulidwe ngati zitatu zam'mbuyo zija, ndipo sanayende nacho kukachiimba.

Imene imandikhudza kwambiri ndi "New Test Leper". Zoimbira zake n'zofatsa, gitala yopanda magetsi ndi ogani. Wolankhula m'nyimboyi ndi munthu amene waitanidwa ku pulogalamu ya pa TV ya mtsutso, imodzi mwa zija amaitana anthu kuti awaseke. Akuvomera poyera kuti si munthu wopemphera, koma akufuna kukumbutsa anthuwo mawu a Yesu oletsa kuweruzana. Omvera akumukuwiza, woyendetsa pulogalamu akumudula mawu kuti kulowe malonda, iye n'kungokhala chete mpaka pulogalamu itatha, akudziona ngati wakhate. Stipe sakutiuza chimene munthuyu walakwa kapena chimene akudwala. Akutipatsa malo, nyali, kudulidwa mawu, basi. Ndimaganiza za anthu angati amene anakhalapo pakati pa gulu, pa maliro kapena pa msonkhano wa banja, akufuna kudzifotokoza koma anthu atawagamula kale. Nyimbo ikadatchula vuto lake, ikadakhala ya munthu mmodzi yekha.

"Be Mine" mudzaimva ngati nyimbo ya chikondi, ndipo ndi ya chikondidi. Mills anayamba kuiimba ali m'basi. Imakhala nthawi yaitali pa gitala ndi mawu, ng'oma n'kulowa mochedwa. Koma mvetserani malonjezo akewo mmene akuchulukira: wokondayo akufuna kukhala chilichonse kwa mnzakeyo, mpaka umayamba kudzifunsa ngati mnzakeyo atsala ndi popumira. Kukoma ndi kuopsa zili m'mawu omwewo.

Pa za kutalika ndikugwirizana nanu pang'ono. Mphindi 65 n'zambiri, ndipo ndicho chimbale chachitali kuposa zonse zimene gululi linajambula. "Binky the Doormat" ndi "Departure" ndi zamphamvu pa siteji koma zilibe zambiri zoti ubwererenso. Mukazidumpha poyamba sindikuimbani mlandu.

Musadumphe yomaliza, "Electrolite". Anaijambula poyesa zida ku Phoenix. Mills ali pa piyano, Buck pa banjo, pali vayolini, ndipo phokoso lonse lija laphwa. Woimbayo waima pa msewu wa pamwamba pa phiri wa Mulholland Drive usiku, akuyang'ana nyali za Los Angeles pansi, akutchula akatswiri a mafilimu Martin Sheen, Steve McQueen ndi James Dean, akutsanzikana ndi zaka za m'ma 1900 zimene zinali kumapeto. Kumathero zida zonse zimasiya, n'kutsala mawu okha a munthu akunena kuti wapita. Mu October 1997 Berry anasiya gululi n'kukakhala mlimi ku Georgia, ndipo Scott Litt, amene anawajambula kuyambira 1987, sanajambulenso chimbale china ndi iwo. Atatu otsalawo anapitiriza mpaka 2011, koma mawu omaliza aja ndiwo amatseka chimbale chomaliza cha anayiwo ali pamodzi.

Ndiye chitani chonchi, achimwene. Yambani ndi zinayi: "Electrolite", "New Test Leper", "E-Bow the Letter", kenako "Leave". Zimvetsereni ndi mahedifoni, usiku, makamaka muli pa ulendo. Zikakulowani, bwererani pa nyimbo yoyamba n'kuchimvetsera chonse mwa dongosolo lake. Ndipo mukamayeserera ndi anzanu, ikani foni pakona izijambula kuyambira pamene mukuchuna magitala. Pakatha milungu iwiri mundilembere, mundiuze ngati sairini ya mu "Leave" ikukusowetsanibe mtendere.