Kodi malipiro a mayi a kunyumba akutsekerani makomo onse a thandizo?

Bambo wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo yomwe ndaiwerenga kangapo. Akuti makina anawaphwanya dzanja lamanja pa fakitale ina ya ku Makata, madokotala anadula dzanjalo, ndipo ntchito inathera pomwepo. Akazi awo amagulitsa m'sitolo ku Limbe, koma malipirowo amathera ku lendi ndi thumba la ufa. Mlamu wawo amene ali ku Johannesburg wawauza kuti kumeneko anthu aulumali amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi kuno ndingalandire chiyani, popeza mayi akugwira ntchito?"

Bambo, zimene alamu anu anena ndi zoona, koma ndi za ku South Africa, komwe bungwe la SASSA limapereka ndalamazo, ndipo ngakhale kumeneko amayamba awerengera zomwe banja limapeza. Kuno ku Malawi kulibe ndalama yomwe boma limapereka mwezi uliwonse kwa munthu aliyense waulumali, ndiponso kulibe ya anthu amene ntchito inawathera.

Chomwe tili nacho ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006. Ndondomekoyi imayang'ana khomo lonse, osati munthu payekha, ndipo imasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena omwe wamphamvu mmodziyo akusamalira anthu oposa atatu. Apa ndi pamene malipiro a mayi akukugwetsani, pakuti khomo lomwe lili ndi wolandira pakutha pa mwezi nkovuta kuliika m'gulu la osaukitsitsa, ngakhale mukugona ndi njala masiku ena. Ine ndimaona kuti muyesowu ndi wolimba kwambiri kwa mabanja a m'tauni, komwe madzi, makala ngakhale ndiwo zamasamba n'zogula, koma ndi mmene zilili. Thandizo la K35,000 pamwezi lomwe ena analandira mu Blantyre muno nthawi ya Covid-19 linali la kanthawi chabe.

Koma pali ndalama zomwe ndi zanu, zomwe ntchito ya mayi siingazikhudze ngakhale pang'ono, ndipo ndadabwa kuti m'kalata yanu simunazitchule. Lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito la m'chaka cha 2000 limalamula olemba ntchito kulipira munthu amene wavulala akugwira ntchito yawo, ndipo kuchuluka kwake kumatengera malipiro omwe munkalandira komanso mmene dokotala wayezera kukula kwa ulumaliwo. Ngati abwana anangokulipirirani kuchipatala n'kukupatsani kangachepe m'manja, nkhaniyo siinathe. Pitani ku ofesi ya leba mutatenga buku lanu la kuchipatala, chiphaso cha unzika, kalata yokulembani ntchito ndi timapepala ta malipiro, ngakhale titakhala tong'ambikang'ambika m'jumbo pansi pa matiresi. Musachedwe, chifukwa anzanu amene anaona ngoziyo amasamuka, ndipo ena amaopa kuperekera umboni akadali pantchito pomwepo. Abwana akakanika, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya.

Chachiwiri ndi penshoni. Kuyambira pamene lamulo la 2011 linayamba kugwira ntchito, wolemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti. Munthu amene dokotala watsimikiza kuti sangathenso kugwira ntchito amaloledwa kutenga ndalamazo asanafike zaka zopumira. Funsani kampani yomwe imasunga penshoni yanu kuti ikuonetseni zomwe zinalowa, pakuti alipo mabwana amene amadula pamalipiro koma osapereka.

Za mtsogolo, kalembetseni ku MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali lomwe ambiri timalitchulabe kuti MACOHA, dzina lomwe linasintha ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Kumeneko musayembekezere envulopu ya ndalama. Iwo amalozera anthu ku maphunziro a ntchito zamanja, monga a ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo ndi amene amayendetsa fakitale yoluka zinthu ya ku Bangwe. Mukapita ku chipatala cha Gulupu kukatenga kalata ya dokotala, funsaninso za dzanja loikirira, ndipo kalatayo muijambulitse kangapo musanaisiye pa ofesi iliyonse.