Kachilonda kosapola pamphuno ya mkango

Funso: Adokotala, ndimagwira ntchito yosamalira nyama zakutchire zosungidwa mumpanda. Tili ndi mkango waukazi wa zaka 17 umene uli ndi kachilonda pamphuno. Kamachita nkhanambo, nkhanamboyo n'kugwa, magazi n'kuyambanso. Patha miyezi itatu tsopano. Anzanga akuti ndi ntchentche chabe. Kodi ingakhale khansa? Nanga chilombo chotere chimachizika bwanji?
*Wosamalira mikango*

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kusamvera za ntchentchezo. N'zoona kuti ntchentche zimadya makutu a mikango, koma chilonda chake chimapola mukazithamangitsa. Chimene chatha miyezi itatu chikungobwerera, pa mkango wokalamba chonchi, ine chimandidetsa nkhawa.

Khansa imene timaiopa pamalo amenewo ndi ya pakhungu yotchedwa squamous cell carcinoma. Kawirikawiri imayamba ndi dzuwa, ndipo imakonda pamene ubweya uli wochepa kapena khungu lili loyera: pamphuno, m'zikope, kunsonga kwa makutu. Kutchire mikango yambiri imafa isanafike msinkhu wa wanuyo, pamene yamumpanda ina imapitirira zaka 20, ndiye matenda a ukalamba amaipeza.

Ndi maso okha palibe anganene kuti ndi khansa. Dokotala wa zinyama ayenera kuubaya jakisoni wogonetsa, kudula kachidutswa ka chilondacho n'kukatumiza kulabotale. Vuto lagona pa kugonetsako. Mphaka wa pakhomo timamugwira ndi manja tsiku lililonse, koma mkango sungaukhudze uli maso, ndipo mikango yokalamba yambiri impso zake zimakhala zitafooka kale, mwakuti kuigonetsa kulikonse n'kuika moyo wake pachiswe. N'chifukwa chake ndikuti musadikire. Kachilonda kakakhala kakang'ono, opaleshoni imodzi itha kukachotsa konse, kapena amakaumitsa ndi nitrogen wamadzi wozizira kwambiri. Kakadya mphuno mpaka m'kati, pamafunika kugonetsa kambirimbiri.

Radiotherapy, kumene ndi kuwotcha khansa ndi cheza chochokera m'makina, nayo imatheka. Mu 2019, mkango wina dzina lake Chaos, wa zaka 16, wa ku Lory Park Zoo ku South Africa, anautengera kuchipatala cha anthu cha Muelmed ku Pretoria, ataumangirira pa machira uli mtulo, kuti makina awotche khansa ya pamphuno pake. Koma makina otere sapezeka paliponse, ndipo ulendo uliwonse wopita kumakinako ndi jakisoni winanso wogonetsa.

Opaleshoni ikatha, ntchito yaikulu imatsala kwa inu. Lilime la mkango n'lokhakhala, limafika pamphuno mosavuta, ndipo simungauveke chotchinga m'khosi ngati galu. Madokotala amasoka ndi ulusi wosungunuka wokha, wobisika m'kati mwa khungu. Mapiritsi mumabisa m'nyama, koma musaupatse mankhwala ochepetsa ululu amene dokotala sananene, chifukwa ena amawononga impso. Uzikhala pamthunzi masana, ndipo muonetsetse kuti pamene umakonda kugona pali denga kapena mtengo.

Ndinene izinso, ngakhale zimawawa: khansa ikafalikira, mkango n'kuleka kudya kapena kupuma movutikira, kuugoneka kosadzukanso kumakhala chifundo kuposa kuuzunza ndi mankhwala.

Kuyambira mawa jambulani mphunoyo pa foni masiku angapo alionse, mutaima malo omwewo kunja kwa mpanda, ndipo muzilemba ngati ukudya bwino komanso ngati ukuyetsemula magazi. Zithunzizo mukaonetse dokotala sabata ino, mumupemphe kuti adule kachidutswa kokayeza.