Pulopela ya kagalimoto: "yanga" kapena "wanga"?

Funso: "Ndikupanga kagalimoto koseweretsa kokhala ndi injini yeniyeni ya mafuta. Injiniyo siyendetsa mawilo, imazunguza pulopela ngati ya ndege ndipo mphepo ndiyo imakankha kagalimotoko. Ndikufuna kulembera anzanga za kasankhidwe ka pulopela. Kodi mawu athu alipo? Nanga manambala ngati 6x3 ndiwafotokoze bwanji?" Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Lembani pulopela, achimwene, musachite nawo manyazi mawuwa. Injini, wilo ndi giya tinazilandira kalekale. Wina angakuuzeni kuti "chokupizira mphepo", koma womva aganiza za fani ya m'nyumba, yomwe ntchito yake ndi kuziziritsa anthu.

Ine ndimati pulopela yanga, pulopela yathyoka, monga timanenera injini yanga, ndipo zikachuluka ndi mapulopela anga. Wonena "pulopela wanga" musakangane naye, popeza mawu obwereka ena amatero, monga sopo wanga, tiyi wanga. Chachikulu musasakanize m'nkhani imodzi. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa ka-. Mukati kagalimoto, chiganizo chonse chitsatire: kagalimoto kanga kakuthamanga, kainjini kake katentha. "Kagalimoto yanga" ayi.

Tsono manambala. Pa 6x3, 6 ndi kutalika kwa pulopela kuchokera nsonga ina kufika ina, mainchesi 6, pafupifupi masentimita 15. Nambala yachiwiri a Chingerezi amati pitch. Ndi mtunda umene pulopela ikanasunthira kutsogolo itazungulira kamodzi, ngati sikulu polowa m'thabwa: apa mainchesi 3. Musavutike kupeka dzina. Tchulani pitch kamodzi, fotokozani kuti ndi mapendekedwe a mapiko, kenaka pitirirani. Timainjini ta kampani ya Cox totchedwa .049, ngati ka m'kagalimoto kawo koseweretsa ka Shrike, timayendera mapulopela a msinkhu wa 5x3 kapena 6x3.

Owerenga anu akufuna kumva zotsatira zake, ndiye alembereni momveka: mapiko akapendekeka pang'ono, kagalimoto kamanyamuka msanga koma sikafika pa liwiro lalikulu; akapendekeka kwambiri, kamachedwa kunyamuka koma kakagwira msewu kamathamanga. Pulopela ikakula mopitirira, injini imalemedwa n'kutentha. Onani kuti ndati imalemedwa. Mukalemba kuti "injini yalemera", wina amva kuti ndi yovuta kunyamula, wanthabwala akufunsani kuti ndalamazo yazipeza kuti. Pulopela ikachepa kwambiri, injini imangolira mopenga koma mphamvu yokankha ili yochepa. Komanso galimoto si ndege, nthaka ili pafupi: pulopela yaitali imakhula pansi, n'chifukwa chake ena amasankha yaifupi ya mapiko atatu.

Pa malo ake, Chichewa chili ndi mawu okwana. Ya kutsogolo ndi pulopela yokoka, ya kumbuyo ndi yokankha. Zokankha zambiri zimalembedwa P pambuyo pa manambala, monga 9x6P, ndipo mapiko ake ndi opindikira mbali ina. Pamenepa pewani mawu akuti "yobwerera", chifukwa wowerenga aganiza kuti kagalimotoko kamayenda chafutambuyo.