Musaigwire production Lachisanu, achimwene

Achimwene, mwalemba kuti abwana akufuna muyendetse script (kapulogalamu kosintha zinthu mu database) lero Lachisanu pa production, makina enieni amene kampani ikugwiritsa ntchito. Script imeneyo musathamangire kuiyendetsa lero chifukwa choti abwana anuwo akukalipa. Ndikuwerenga zanuzi mtima wachita kundigunda, chifukwa ine zomwezi zinandionetsa zakuda.

Linali Lachisanu, mwezi ukutha, malipiro akuyenera kupita ku banki. Bwana wa zachuma anabwera n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga, akuti nambala ya akaunti ya munthu mmodzi ndi yolakwika, ndikonze pompo. Ndinatsegula psql, pulogalamu yolamulira database ya PostgreSQL, ndikulemba UPDATE, lamulo losintha zomwe zili mu database, uku foni ikulira, uku iwo akungoti "changu, changu". Ndinatseka ndi semicolon ndisanalembe WHERE, gawo lonena mzere woti usinthidwe. Enter. Ndimadikira kuona UPDATE 1. Panabwera UPDATE 612. Antchito onse, kuyambira mlonda mpaka bwana wamkulu, akaunti imodzi! Paja psql imachita commit yokha, kusungiratu zosinthazo, ngati sunayambe ndi BEGIN, ndiye ROLLBACK, lamulo lobweza zomwe wasintha, inangondiyankha kuti palibe transaction yoti ibweze. Manja ananyowa thukuta, m'mimba kuti juu.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti backup ilipo, cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imayendetsa pg_dump yokopera database usiku uliwonse. Kutsegula foda, mafayilo alipodi, mayina ndi madeti mwadongosolo, koma onse 0 bytes, opanda kanthu. Milungu itatu yathunthu. Disk inali itadzaza kalekale, disk yomweyo imene ndinapempha kangapo kuti agule ina iwo n'kumati bajeti kulibe, chonsecho mipando ya mu boardroom anasintha mwezi womwewo. Ndinachezera usiku wonse kulowetsa maakaunti imodziimodzi kuchokera pa Excel ya mwezi wathawo, magetsi atathima, UPS, batire ya kompyuta, ikulira ngati kamwana ka njala. Lolemba kumsonkhano, munthu yemwe uja ankapumira m'khosi mwanga amvekere "mnyamata wa IT-yu ndi wosasamala". Kalata yochenjeza inagwera ine. Mpaka lero ndikamuona m'tauni ndimawoloka msewu.

Ndiye mverani. Yambani ndi SELECT, lamulo longoonetsa osasintha kanthu, yokhala ndi WHERE yomweyo, muone mizere ingati ikubwera. Kenako BEGIN, UPDATE, yang'anani nambala, COMMIT pomaliza. Mu .psqlrc, fayilo imene psql imawerenga poyamba, ikani \set AUTOCOMMIT off kuti isamachite commit yokha, a database ya MySQL yatsani sql_safe_updates, imene imakana UPDATE yopanda WHERE. Backup muziibwezeretsa pa makina ena kamodzi pamwezi, dzina la fayilo lisakunamizeni ngati ine. Ndikanakhala ndi WAL archiving, yosunga mbiri ya kusintha kulikonse mu database, bwenzi nditabwerera pa mphindi ndisanalakwitse, khofi asanazizire.

Komabe musachite makani kwambiri ndi abwana, ntchito zikusowa kunjaku. Akaumirira, achitireni lero lomwe, bola alembe pa imelo kuti alamula ndi iwo, ya pa WhatsApp amafufuta. Ine imelo zanga za disk zija ndinali nazo zonse, ndinaziwerenga kumsonkhano kuja, palibe anatukula mutu.