Kodi ndikakana mowa pa 17 Malichi ndiye kuti ndanyoza anthu a ku Ireland?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene atha miyezi isanu akugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Ireland. Anzawo a kuntchito awaitana kuti akasangalale limodzi pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya dzikoli, ndipo nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya mowa basi. Iwo samwa, chiyambire kumudzi. Akufunsa kuti: "Ndikakana, kodi sadzaona ngati ndikunyoza chikhalidwe chawo? Paja amati munthu wa ku Ireland ndi mowa salekana."

Achemwali, pitani, ndipo ngati simumwa musamwe. Simunyoza munthu aliyense. Mawu amene munamvawo ineyo amandipweteka, chifukwa ndakhala pakati pa anthuwa zaka zambiri ndipo ndikudziwa kuti ambiri a iwo amawapwetekanso.

Choyamba dziwani kuti tsikuli linayamba ngati la mapemphero. Linakhala tchuthi chovomerezeka mu 1903, ndipo dziko litayamba kudzilamulira, lamulo la mu 1927 linatseka mabala onse pa 17 Malichi, pa Lachisanu Loyera ndi pa Khrisimasi. Kwa zaka zoposa 30 munthu wa ku Dublin ankapita ku Misa, kuonera perete, n'kubwerera kunyumba kukadya ndi banja. Akuluakulu amakumbukirabe kuti ofuna kunyowetsa kukhosi tsiku limenelo ankalowa ku chionetsero cha agalu ku Ballsbridge, dera la mu Dublin, chifukwa kumeneko n'komwe mowa unkagulitsidwa. Chiletso cha tsiku la Patrick chinachotsedwa ndi lamulo la mu 1960, cha Lachisanu Loyera chinafika mpaka 2018, ndipo pa Khrisimasi mabala amakhalabe otseka mpaka lero.

Sindikukana kuti mowa unalipo kalekale pa tsikuli. 17 Malichi imagwa mkati mwa Lenti, ndiye anthu amene anali akudzimana ankapumulako tsiku limodzili. Panalinso mwambo woti madzulo munthu azule kamasamba katatu kobiriwira kamene wavala pachifuwa, kotchedwa shamrock, n'kukaponya m'tambula yake yomaliza. Koma chikondwerero chachikulu chija mumachiona pa intaneti, cha zipewa zazitali ndi mowa wothiridwa utoto wobiriwira, chinakulira kutsidya kwa nyanja. Perete wa ku New York anayamba mu 1762, dziko la America lisanadziimire n'komwe. Njala yoopsa ya 1845 mpaka 1852 itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsa enanso oposa miliyoni, anthu a ku Ireland anadzaza m'mizinda ya Boston, New York ndi Liverpool, ali osauka, akunyozedwa. Nyuzipepala za ku Britain ndi ku America zinkawajambula ngati zidakwa zokonda ndewu. Kwa anyamata amene analibe nyumba yeniyeni, ongogona mothithikana m'zipinda za lendi, bala ndiye kunali kopezera ganyu, kumva za kumudzi ndi kuyankhula momasuka. Ife amene takhalako ku Joni kapena kuno tikudziwa mmene munthu amafunira malo oti akamve mawu a kwawo. Mbiri ya uchidakwa inamera pamenepo, theka ili yoona, theka ili chitonzo cha anthu amene ankawaona ngati otsika.

Kenaka malonda anadzalowapo. Chikondwerero cha masiku angapo cha ku Dublin chinayamba mu 1996, boma likufuna kukopa alendo. Mowa wa Guinness, umene Arthur Guinness anayamba kufulula ku St James's Gate ku Dublin mu 1759, wasanduka ngati mbendera yachiwiri. Mu 2009 kampani ya Diageo, imene ndi mwini wa Guinness, inachita kuyambitsa tsiku lakelake lokumbukira Arthur, koma madotolo ndi anthu ambiri anadandaula kuti langokhala tsiku lina loledzera, ndipo linathera mu 2013. Anadandaulawo anali eni dziko omwe.

Mbali imene alendo saidziwa ndi iyi: dziko lomweli ndi limene linabala gulu lalikulu kwambiri la osamwa. Mu 1838 ku Cork, wansembe wina, Bambo Theobald Mathew, anayamba kulumbiritsa anthu kuti asiye mowa, ndipo m'zaka zochepa anthu mamiliyoni analumbira. Chiboliboli chake chili mumsewu waukulu wa Cork, chinanso chili pa O'Connell Street ku Dublin. Mu 1898 Bambo James Cullen, wa chipani cha Ajezwiti, anayambitsa bungwe la Pioneer, limene lilipobe. Popeza mukusamalira okalamba, yang'anani bwino pa kolala ya jekete la agogo ena: mudzaona kabaji kakang'ono ka Mtima Woyera wa Yesu. Ndinakhalapo pa benchi imodzi ndi mkulu wina wovala kabaji kameneka ku maliro, m'mudzi wina wa kumadzulo. Anthu atachoka kumanda n'kulowa m'bala, monga mwa mwambo wawo, iye analowa nawo, anakhala pakati pawo mpaka kunja kunada, akumwa madzi a malalanje. Anandiuza kuti analumbira ali mnyamata ndipo sanalawepo dontho. Palibe amene anamuona ngati mlendo. Iye ndiye ankayambitsa nyimbo.

Tsopano chimene muyenera kusamala si mowa ayi, ndi raundi. Mukakhala asanu pa tebulo, mmodzi amanyamuka kukagulira onse, akamaliza wina amatero, mpaka aliyense ataponyapo. Zili ngati chipanda cha thobwa chimene chimazungulira pa bwalo: kuchilandira n'kusapatsira mnzako ndiye mwano. Munthu amene amamwa za anzake n'kuzemba nthawi yake ikakwana, amakumbukiridwa. Choncho akakufunsani kuti mumwa chiyani, nenani kuti Club Orange (chakumwa cha malalanje chopanda mowa), kapena tiyi, kapena madzi. Nthawi yanu ikafika, nyamukani mukagule. Ngati chikumbumtima chanu kapena mpingo wanu sukulolani ngakhale kugulira ena mowa, nenani poyambirira penipeni kuti inu mudzigulira nokha ndipo simulowa m'raundi, amamva. Mwina wina adzakukakamizani kawiri katatu, poti kuno kukana koyamba amakutenga ngati ulemu chabe, monga ifenso timachitira ndi chakudya. Kanani kachitatu mukumwetulira, nkhani yatha. Akakweza matambula n'kunena kuti sláinte, kutanthauza thanzi, kwezani yanu.

Sindikubisirani, vuto la mowa kuno lilipo ndipo ndi lalikulu. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa lamulo lokhwima mu 2018, ndipo kuyambira Januwale 2022 pali mtengo umene wogulitsa saloledwa kutsika nawo. Pa 17 Malichi masitolo sayamba kugulitsa mowa mpaka 12:30 masana. Madzulo a tsikulo, dera la Temple Bar ku Dublin limadzaza ndi alendo oledzera, ndipo inu monga mayi ndikupemphani kuti musakayendeko nokha usiku. Konzani kabwereredwe kanu dzuwa likanalipo.

Ngati simuli pa ntchito m'mawa, kaonereni perete wa m'tauni yaing'ono m'malo mwa wa ku Dublin. Mudzaona ana a sukulu akuimba timazitoliro, timu ya m'deralo ya hurling (masewera a kuno a mpira ndi ndodo), mathirakitala otsukidwa bwino, ndipo masiku ano mabanja ochokera ku Poland, Nigeria, India ndi Brazil akuyenda nawo atanyamula mbendera za kwawo. Valani chitenje chanu chobiriwira pamwamba pa zovala zofunda, chifukwa mphepo ya Malichi kuno imalowa mpaka m'mafupa. Ngati muli pa ntchito, tengerani agogo anu kamtolo ka shamrock, muwamangirire pachifuwa, muwafunse mmene tsikuli linkakhalira ali ana.